Moto Tikupala, Koma Nkhuni Akutola Ndani?

Kwa a Nduna oona za chikhalidwe, akuluakulu a COSOMA (bungwe loteteza umwini wa nyimbo, mabuku ndi ntchito zina za luso), akuluakulu a MACRA (bungwe loyang'anira za mafoni, mawailesi ndi intaneti), ndi aphungu athu a ku Nyumba ya Malamulo,

Zikomo mabwana ndi madona. Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale, ndimakhala ku Chinamwali mumzinda wa Zomba, ndipo Loweruka lililonse masana ndimaphunzitsa kwaya ya kutchalitchi kwathu. Kalatayi ndikanatha kuitumiza mwakachetechete, koma nkhani yake si ya ine ndekha. Ndaiyala poyera kuti oimba, alembi, ophunzira ndi anyamata oika nyimbo m'mafoni aione nawo. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Zaka zingapo zapitazo kwaya yathu inajambulitsa chimbale cha nyimbo khumi. Ndalama yake sitinaitole pansi. Tinasonkha miyezi yambiri. Amayi ena ankapatula kaphindu ka zitumbuwa, achinyamata anakagwira ganyu m'madimba a m'mbali mwa Likangala, ndipo mayi wina wamasiye, amene mawu ake ndiwo msana wa kwaya yathu, anagulitsa mbuzi yake n'kunena kuti tidzamubwezera ma CD akayenda malonda. Ku situdiyo ku Blantyre tinapitako katatu, tonse mothithikana m'minibasi imodzi, kamba wathu ali chinangwa chophika. Tsiku lokhazikitsa chimbale tchalitchi chinadzaza, tinagulitsako ndithu, ndipo usiku umenewo tinagona mitima ili m'malo.

Mwezi usanathe ndinakwera minibasi ya ku Songani. Tisanapite patali ndinamva mawu a mayi uja akutuluka m'sipika. Sindinama, choyamba kundifikira chinali chimwemwe. Gogo wina amene anakhala pambali panga ndi dengu la tomato ankatsatira nyimboyo mawu ndi mawu, osadziwa kuti amene anaipeka akukhudzana naye phewa. Misozi inalengeza. Kenaka ndinafunsa kondakitala kuti, "Achimwene, CD imeneyi munaigula kuti?" Iye anandilozera kafulashi kobaya pa wailesi n'kunena kuti, "Za ma CD zinatha kale, madala. Izi timakaikitsa pamsika."

Makatoni awiri a ma CD aja akadali m'nyumba mwanga mpaka lero. Mbuzi ija tinachita kusonkhanso kachiwiri kuti tiibweze, ndipo tinabweza yaing'ono kuposa imene inagulitsidwa.

Nkhani ikanathera pamenepa bwenzi ndikukulemberani kuti gwirani akuba, amangeni. Koma sinathere pamenepa. Mwana wa mlongo wanga anakhoza mayeso a MSCE, malo ku yunivesite sanapeze, ntchito sanapeze. Bambo ake anamugulira kalaputopu kogwiritsidwa kale ntchito, ndipo lero ali ndi benchi cha ku Mpondabwino, pamene amatchaja mafoni ndi kuika nyimbo ndi mafilimu m'mamemore khadi. Ndi iyeyo amene amagula ufa kwa mlongo wanga mwezi ukafika pakati. Tsiku lina ndinakhala pa benchi yake, ndinamupempha kuti anditsegulire foda ya nyimbo zauzimu, ndipo nyimbo zathu khumi ndinazipeza momwemo, dzina la kwaya atalilemba molakwika.

Anawerama. Kenaka anati, "Amalume, ine ndinazipeza pa gulu la WhatsApp, sindikudziwa anayamba kuzitumiza ndani. Anthu akuzifuna. Ndikawakaniza apita pa benchi inayo. Mukandiuza kuti pa nyimbo iliyonse ndizikupatsani zakutizakuti, ndizipereka. Koma oimba enawa ndikawapeza kuti?"

Funso limenelo ndi limene landilembetsa kalatayi, chifukwa yankho lake lili m'manja mwanu, osati mwanga.

Ndiloleni ndiyambe ndi mmene anthu wamba amaionera nkhaniyi, pakuti lamulo losadziwa mtima wa anthu limangokhala m'buku. Kwathu kuno moto ukakuzimira umatenga phale n'kupita kwa mnansi kukapala. Sulipira, ndipo palibe amene angakutche wakuba, chifukwa moto wa mnansiyo suchepa. Munthu akamatumizira mnzake nyimbo pa WhatsApp, pa Bluetooth kapena pa Xender, mumtima mwake akupala moto. Woimba nyimbo yake akadali nayo, ndiye chabedwa n'chiyani? Ndiponso tinaleredwa kuti kumana ndi khalidwe loipa, kuti kupatsa n'kuika. Mukamuuza munthu wotere kuti ndi mbava, sakumvetsani, ndipo amangoona ngati mwabwera kudzateteza olemera.

Komatu aliyense wokhala mu Zomba amawaona amayi akutsika m'phiri ndi mitolo ya nkhuni kumutu, thukuta lili kamukamu, khosi litauma. Moto suchepa ukapalidwa, zoona, koma pali wina amene anakwera phiri. Mwambo wopala moto umayenda bwino chifukwa lero ndapala kwa iwe, mawa udzapala kwa ine. Pa nyimbo sizili choncho. Wotola nkhuni ndi mmodzi yemweyo, mudzi wonse ukungobwera ndi mapale, ndipo palibe chobwerera kwa iye. Tsiku lina adzatopa n'kukhala pansi. Ndikudziwa oimba aluso kuno kwathu amene anapachika gitala n'kuyamba kabaza, osati chifukwa nyimbo zawo sizinkamveka, koma chifukwa zinkamveka paliponse iwo akugona ndi njala. Choncho ine, amene ndapalako moto wa ena kambirimbiri pa foni yanga, ndikunena mosabisa kuti kutenga ntchito ya munthu popanda chilolezo chake n'kulakwa, ngakhale kutakhala kofala chotani. Ndipo wopala moto kuti aphikire ana ake ndi wosiyana ndi amene wapala n'kukautsatsa pamsewu. Woyambayo akufunika kuphunzitsidwa ndi kupatsidwa njira. Wachiwiriyo ali ndi ngongole yoti abweze.

Lamulo lathu si losowa. Dziko lino linakhazikitsa Copyright Act mu 1989, linalowa m'pangano la maiko la Berne loteteza umwini wa ntchito za luso mu 1991, ndipo COSOMA inayamba ntchito mu 1992. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano lolowa m'malo mwa lakale lija, chaka chomwecho inavomerezanso lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security loona za pa intaneti. Lamulo la 2016 likuti mwini nyimbo, buku kapena filimu ndiye ali ndi mphamvu yololeza kapena kukaniza kuti ntchito yake ichulukitsidwe, igulitsidwe kapena ifalitsidwe kwa anthu, ndipo umwini umenewu umakhalapo moyo wake wonse ndi zaka zina 50 iye atamwalira. Lamulo lomwelo linasiya mipata: munthu kukopera zoti agwiritse ntchito yekha, mphunzitsi kutengako kachigawo pophunzitsa, nyumba zowerengeramo mabuku, ndi anthu olumala amene akufuna buku m'njira yoti athe kuliwerenga. Ndi lamulo loganiziridwa bwino. Koma ine, mphunzitsi, ndinadziwa zonsezi chimbale chathu chitapita kale ndi mphepo. Nanga mnyamata wa pa benchi ku Jali kapena ku Mayaka? Nanga gogo wa tomato uja? Chonde, litulutseni lamuloli m'Chingerezi cha maloya. Limveke m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chilomwe pa mawailesi a m'madera, mobwerezabwereza ngati uthenga wa katemera, mpaka mwana wa sitandade 8 athe kusiyanitsa chololedwa ndi choletsedwa.

Ndikudziwa kuti pakati panu alipo amene akuganiza kuti mankhwala ake ndi chikwapu: kulanda makompyuta, kutseka mabenchi, kuonjezera chindapusa. Maiko a ndalama zambiri kuposa ife anayesa njira imeneyo, ndipo mbiri yake ilipo. Mu 1999 mnyamata wina wa ku America, Shawn Fanning, anayambitsa Napster, pulogalamu imene inkalola anthu kutengerana nyimbo m'makompyuta awo kudzera pa intaneti. Makampani a nyimbo anaisumira, ndipo mu 2001 inatsekedwa. Anthu sanasiye, anangosamukira ku mapulogalamu ena. Kuyambira 2003 makampaniwo anayamba kusumira anthu wamba masauzande ambiri, ophunzira ndi makolo omwe, mpaka mu 2008 anaona okha kuti akungodzipangira adani. Ku Sweden, mu 2009, khoti linagamula anthu anayi a The Pirate Bay, webusaiti yothandiza anthu kutengerana nyimbo ndi mafilimu popanda chilolezo, kuti akakhale kundende chaka chimodzi aliyense ndi kulipira ndalama za kumeneko zokwana 30 miliyoni. Webusaitiyo sinafe. Chimene chinabweza anthu ambiri sichinali mantha. Mu 2003 kampani ya Apple inayamba kugulitsa nyimbo imodziimodzi pa masenti 99, ndipo mu 2008, ku Sweden komweko, Spotify inatsegula khomo loti munthu amvere nyimbo iliyonse mosavuta kuposa kuifunafuna kwa akuba. Malonda a nyimbo padziko lonse, amene anakhala akutsika kwa zaka pafupifupi 15, anayambanso kukwera cha m'ma 2015. Anthu anayamba kulipira pamene kulipira kunakhala kosavuta kuposa kuba.

Sindikunena kuti tingotengera za azungu. Spotify inafika ku Malawi mu 2021, koma mlimi wa mpunga ku Kachulu alibe khadi la Visa, foni yake ndi yamabatani, ndipo bandulo imene angakwanitse ndi ya WhatsApp. Kumvera nyimbo pa intaneti kumadya bandulo ulendo uliwonse pamene waimvera, pomwe nyimbo ya mu memore khadi umalipira kamodzi n'kumvera mpaka foni itatha. Munthu wosauka amadziwa masamu. Kuonjezera apo, zimene mapulogalamu akunjawa amapereka kwa woimba pa kumvera kumodzi n'zochepa kwambiri, moti kwaya ya ku Chinamwali singabweze nazo ngakhale nkhuku. Khomo lathu liyenera kumangidwa ndi njerwa zathu.

Ndipo njerwazo zilipo kale. Pafupifupi pamsika uliwonse m'boma la Zomba, ku Thondwe, ku Songani, ku Domasi, ku Namadidi, pali mnyamata wa laputopu, ndipo pafupi naye pali kabenchi ka Airtel Money kapena Mpamba. Anyamata amenewa ndiwo sitolo za nyimbo za dziko lino. Anafika kumene ogulitsa makaseti akale sanafikeko. Amadziwa nyimbo imene ikufunidwa sabata ino, amadziwa zimene amayi a mvano amakonda ndi zimene akabaza amakonda. Kuwalanda kompyuta n'kudula nthambi; pakatha sabata zitatu pamaphuka ina, mwini wake ali wochenjera kuposa woyamba ndiponso wodana nanu. Chiphaso chokha nachonso sichikwanira ngati mnyamata akulipira kamodzi n'kubwerera kukatola nyimbo m'magulu a WhatsApp monga kale. Chimene ndikupempha n'chakuti chiphaso chizibwera ndi katundu. Pakhale nkhokwe ya nyimbo za Amalawi imene oimba aikamo okha mwa kufuna kwawo, nyimbo zomveka bwino, maina olembedwa molondola. Mnyamata wa chiphaso azitenga m'menemo, makina azilemba okha kuti nyimbo yakuti yaikidwa kangati, ndipo pa ndalama imene kasitomala wapereka, gawo lina lizipita ku foni ya woimba, lina litsale kwa mnyamatayo. Akatswiri a makompyuta oti amange zimenezi sitikawafuna kunja. Ena akuphunzira pa yunivesite pa Chirunga pompano, ena anamaliza ndipo akuyenda ndi makalata ofunsira ntchito m'manja. Mwana wa mlongo wanga sakufuna kukhala wakuba. Akufuna kukhala wogulitsa.

Wina anena kuti anthu adzapitirizabe kutumizirana ulere. Adzatero ndithu, ena. Koma musawanyoze Amalawi. Ndawaona anthu akufupa woimba paukwati, akuponya ndalama pa perekaniperekani mpaka m'thumba mutauma. Ndawaona akristu akugula CD imene alibe poimvera, n'cholinga choti angothandiza kwaya. Mtima wolipira ulipo. Chosowa ndi dengu loponyamo. Kondakitala uja akanadziwa kuti pa ndalama imene anapereka pamsika kachigawo kakafika kwa mayi wamasiye amene amamuimbira tsiku lonse, sindikhulupirira kuti akanadandaula.

Palinso oimba, makamaka achinyamata, amene amamwaza okha nyimbo zawo ulere kuti atchuke, ndalama azikapeza kumashoo. Ndi ufulu wawo, ndipo asaletsedwe. Kupereka mwa kufuna kwako ndi kulandidwa ndi zinthu ziwiri. Kungoti si aliyense ali ndi shoo. Wopeka nyimbo amene sakwera pa nsanja, wojambula mawu mu situdiyo, wolemba buku, gogo woimba bangwe, onsewa chakudya chawo chili mu ntchito imene anaisiya m'manja mwa anthu.

Tsopano za msonkho. Malamulo a 2018 anaika kandalama pa zipangizo zosungira nyimbo ndi zithunzi, monga mafoni, makompyuta ndi mafulashi, kamene kamatoleredwa katunduyo akamalowa m'dziko, n'kupita ku COSOMA kuti igawire eni ntchito. Ganizo limeneli ndi labwino ndipo ndikukuyamikirani. Likuvomereza chilungamo chakuti anthu adzakopera ndithu m'nyumba zawo, choncho wotola nkhuni apatsidweko kenakake. Koma anthu ambiri ogula foni sadziwa kuti alipira kale kandalama kameneka, ndipo ena amene amva amaganiza kuti ndiye kuti agula ufulu wochita chilichonse, pomwe msonkhowu ndi wa kukopera kwa pawekha, osati kochitira malonda kapena komwaza m'magulu a anthu mazanamazana. Afotokozereni. Ndiponso ndalama ya anthu imakoma ikamawerengedwa poyera. Chaka chilichonse tiuzeni m'zilankhulo zathu, pa wailesi ndi m'nyuzipepala, kuti zalowa zingati, zoyendetsera ofesi zapita zingati, ndipo muyeso wogawira ndi wotani, kuti woimba wa ku Chingale amene walandira zochepa kapena sanalandire adziwe chifukwa chake n'kusiya kunong'ona.

Kwaya yathu sinalembetse nyimbo zake kwa inu pa nthawi ija. Sitinkadziwa kuti makwaya nawonso amalembetsa. Tinkaganiza kuti ndi za oimba otchuka a m'tauni. Magulu onga ife alipo ambiri, m'matchalitchi, m'magulu a kaswida a abale athu achisilamu, m'mabandi a m'midzi oimba ndi magitala a zigubu. Likulu lanu lili ku Lilongwe, ndipo mtengo wa basi yopita kumeneko ndi kubwerako ungadyetse banja masiku angapo. Bwerani kuno ndi mafomu, ngakhale kawiri pachaka, mukhale pa holo ya m'tauni kapena pabwalo la sukulu, mulengeze pa wailesi sabata isanakwane. Mudzadabwa ndi mzere wake.

Musaganize kuti nyimbo za anthu wamba a ku Zomba n'zopanda mtengo. Mu 2013 Ian Brennan, wojambula nyimbo wa ku America, anabwera kudzajambula nyimbo za akaidi ndi asilikali a pa ndende yaikulu ya Zomba, ndipo chimbale cha Zomba Prison Project chinasankhidwa kukapikisana nawo pa mphoto za Grammy za 2016, koyamba m'mbiri ya dziko lino. Anthu a ku London ndi ku New York anatulutsa ndalama kugula mawu ochokera kuseri kwa mpanda umene timaudutsa tsiku ndi tsiku. Anagula chifukwa kwawoko njira yogulira inalipo.

Kwa a MACRA, pempho langa ndi lalifupi. Khalani pansi ndi makampani a mafoni. Ngati n'zotheka kupanga bandulo yotchipa ya WhatsApp ndi Facebook, n'zothekanso kupanga yotchipa yolowera m'malo ovomerezeka ogulitsa nyimbo, mafilimu ndi mabuku a Amalawi. Pakali pano mitengo ya mabandulo ikukankhira munthu ku khomo lakuseri. Ndipo ngati chikwapu chiyenera kugwa, chigwere kumene kuli ndalama: mawebusaiti amene amaunjika nyimbo za eni popanda chilolezo n'kumadya ndalama za otsatsa malonda, ndi osindikiza mabuku achinyengo amene amawathira pamsika ngati enieni. Amenewo sakupala moto. Akugwetsa nkhalango.

Nkhani ya mabuku ndiyo imandivuta kwambiri mumtima, ndipo ndikufuna kuchedwapo. Zomba ndi mzinda wa ophunzira. Madzulo mukayenda ku Chikanda mudzaona anyamata ndi atsikana a ku University of Malawi atawerama pa mafoni, akuwerenga mabuku athunthu pa kagalasi kang'ono ngati chikhatho. Ambiri mwa mabuku amenewo ndi ma PDF otumizirana. Buku limodzi la zamalamulo kapena la sayansi lochokera kunja limagulidwa ndi madola, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wake unafika poti ungalipire lendi ya kachipinda miyezi ingapo. Mwana amene makolo ake agulitsa nandolo kuti apeze fizi, amene nthawi zina amadya kamodzi patsiku, ine sindingamuloze chala chifukwa chotsegula PDF usiku woti mawa alemba mayeso. Amene angathe, ayambe ndiye kuponya mwala.

Koma chizolowezi sichisankha. Dzanja limene lazolowera kutenga buku la kampani yaikulu ya ku Oxford limatenganso buku la mphunzitsi wa ku Malosa amene analemba usiku ndi nyali kwa zaka zitatu, n'kukongola ndalama kuti alisindikize. Buku lotere likangojambulidwa ndi foni n'kulowa m'magulu a makolo ndi aphunzitsi, malonda ake atha. Wosindikiza sabwerezanso, mlembi salembanso, ndipo mawa timadandaula kuti ana athu akuphunzira za mitsinje ya kunja osadziwa kumene Mulunguzi amachokera. Mzinda uno unatulutsa mabuku ambiri a mbiri ndi zipembedzo za dziko lino kudzera ku Kachere Series, ndipo silabasi ya ana athu imakonzedwa pa Domasi pompa, ku Malawi Institute of Education. Tikudziwa kuti buku silimera lokha ngati bowa.

Apa ndikupempha a Nduna, mogwirizana ndi anzanu a zamaphunziro, kuti muganizire njira iyi: pa mabuku ofunika kwambiri a pulayimale ndi sekondale olembedwa ndi Amalawi, boma ligule chilolezo kwa alembi ndi osindikiza pa mtengo wachilungamo, kenaka liwaike poyera kuti mwana aliyense atenge ulere ndi mutu wowongoka. Mlembi wadya, mwana wawerenga, ndipo wogulitsa PDF yakuba watsala ndi katundu wopanda omugula. Ku makoleji nako njira zovomerezeka zilipo kale. Nyumba zowerengeramo mabuku zinapanga mgwirizano wa MALICO mu 2003 kuti zizigulira pamodzi zolemba za akatswiri za pa intaneti, ndipo ndondomeko ya Research4Life imapereka zolemba zambiri ulere ku masukulu a maiko osauka onga lathu. Zimenezi zimafuna ndalama zolipirira pa nthawi yake, magetsi, intaneti yodalirika pasukulu, ndi munthu woti aonetse wophunzira wa chaka choyamba polowera. Aphungu, pokambirana bajeti muzikumbukira kuti kwacha iliyonse imene mwamana laibulale ikupanga wakuba mmodzi mwa mwana amene sanafune kuba.

Pali kanthu kena kamene ndinaona pa laputopu ija kamene sindikanafuna kukasiya. M'foda ina munali nyimbo za m'nthawi ya makaseti, za oimba amene anamwalira kalekale, zina zimene ndinazimva komaliza pa wailesi ya bambo anga ndili mwana. Makaseti ake anadyedwa ndi chinyezi, masitudiyo ake anatsekedwa. Kumene zatsala ndi m'makompyuta a anyamata amene timawatcha akuba. Pamtunda pang'ono kuchokera pa benchi imeneyo pali National Archives of Malawi, nkhokwe ya dziko, kumene lamulo limati buku lililonse losindikizidwa m'dziko muno lizikasiyidwako. Nyimbo zimene Hugh Tracey, katswiri wofufuza nyimbo za makolo a mu Africa, anajambula m'midzi ya Nyasaland m'zaka za m'ma 1950 zikusungidwa bwinobwino ku South Africa, pomwe za dzana lomweli zikudalira hard drive imene ingafe ndi mphezi imodzi. Musanafufute chilichonse m'makina a anyamatawa, tumizani anthu akatole chuma chimenechi, chilembedwe maina, chisungidwe, ndipo ana ndi akazi amasiye a oimbawo afufuzidwe, pakuti zaka 50 zija sizinathe ndipo ndalamazo ndi zawo.

Kwaya yathu yayambanso kuphunzira nyimbo zatsopano, ndipo achinyamata akukakamira kuti tijambulitsenso. Loweruka lapitali titamaliza, mayi uja anatsalira n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Aphunzitsi, ulendo uno mbuzi ikapita ibwerera?" Ndinamuuza kuti andipatse nthawi, ndikafunse kwa eni ake a lamulo.

Ndiye ndafunsa. Mukafuna kudzaona ndi maso, timakumana Loweruka 2 koloko masana. Tikamaliza kuimba ndidzakutengerani ku Mpondabwino. Mwana wa mlongo wanga wavomera kukutsegulirani laputopu yake, foda ndi foda, ndipo wati aitananso anzake a mabenchi ena ngati mwalonjeza kuti mukubwera ndi mafomu osati maunyolo.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa kwaya,
Chinamwali, Zomba